Akapitawo ndi Njerwa za Farao

 Amene muli ndi Baibulo pafupi tsegulani buku la Eksodo mutu 5, ndipo musalitseke msanga, pakuti tikhalitsa pamenepo lero.

Tsiku lina la Sabata, mapemphero atatha, bambo wina wa mumpingo anandikokera pambali kuseri kwa tchalitchi. Anali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi, munthu wofatsa, wosachedwa ku mapemphero. Iye anati, "Abusa, ndikufuna kutula pansi ukapitawo, ndibwerere kukathyola masamba monga kale." Ndinadabwa, pakuti panali patangopita miyezi yochepa chithokozereni Mulungu pamodzi chifukwa cha kukwezedwa kwake. Pamenepo anandifotokozera mmene tsiku lake limayendera. M'mamawa amaima pakhomo pa ofesi, bwana namuuza makilogalamu amene gulu lake liyenera kubweretsa pa sikelo. Inali nyengo ya chilimwe, tiyi sankaphuka, koma chiwerengero sichinatsike molingana ndi kuchepa kwa masamba. Akafika kumunda ndi kunena mawu a bwana, anthu amangoti zii, ena nalavula malovu pansi. Madzulo masamba akaperewera, bwana amamukalipira pamaso pa akalaliki ndi alonda. Ndipo pakati pa othyolawo panali mlamu wake, panalinso amayi atatu amene iye amadya nawo Mgonero wa Ambuye pa gome limodzi. "Kumunda amati ndine galu wa abwana," anatero bamboyo, "ku ofesi amati ndimanyengerera anthu anga. Nanga ine, abusa, ndine wa yani?"

Funso limenelo si la ku minda ya tiyi kokha. Mawu akuti kapitawo tinabwereka ku Chipwitikizi, ndipo munthu yemweyo kwina amatchedwa foromani, kwina supavaiza. Ndiye amene amatsika ndi gulu lake mu mgodi ku Kitwe kapena ku Rustenburg. Ndiye namwino wamkulu woyang'anira wodi usiku, mkulu wa alonda, mayi woyang'anira osoka zovala m'fakitale. Sakhala nawo m'chipinda mmene zinthu zimagamulidwa, koma chigamulocho chimatulukira pakamwa pake, ndipo nkhope imene antchito amaiona pomva lamulo lowawa ndi yake. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wa kapitawo sunakule kwenikweni, chikhalirecho nkhonya zimaupeza kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe. Mwina mumaganiza kuti Baibulo lilibe nthawi ya anthu otere. Lili nayo ndithu, ndipo gawo lalikulu la mutu wathu wa lero ndi nkhani yawo.

Mukukumbukira chiyambi chake. Mose ndi Aroni analowa kwa Farao napempha kuti Aisraeli ayende ulendo wa masiku atatu m'chipululu kukapereka nsembe kwa Yehova. Farao anakana, nanena kuti Yehovayo samudziwa. Koma onani chimene anachita tsiku lomwelo. Sanamange Mose, sanakwapule Aroni. Anaitanitsa magulu awiri a anthu. Loyamba linali la ofulumiza anthu pa ntchito, amene anali Aigupto, anthu a boma, onyamula ndodo. Lachiwiri linali la akapitawo, ndipo ndime 14 ikutiuza poyera kuti amenewa anali ana a Israeli, oikidwa ndi ofulumizawo kuti ayang'anire abale awo. M'Chihebri akutchedwa shoterim, ndipo amene anamasulira Chipangano Chakale m'Chigriki Yesu asanabadwe anawatcha alembi. Tinganene kuti anali anthu a kaundula. Ndiwo ankadziwa amene wafika pa ntchito, amene wadwala, ndi njerwa zimene gulu laumba dzuwa lisanalowe.

Njerwa zambiri za ku Igupto sizinali zootcha pa uvuni. Zinali ngati zidina zathu: dothi la m'mbali mwa mtsinje wa Nile, loponda ndi madzi, losakaniza ndi udzu woduladula, loumba m'chikombole ndi kuyanika padzuwa. Udzuwo ndiwo unkagwira dothi kuti njerwa isang'aluke pouma. Kufikira tsiku limenelo anthu ankachita kupatsidwa udzu. Tsopano Farao analamula kuti azikadzifunira okha, koma chiwerengero cha njerwa chisatsike ngakhale pang'ono. Anthu anabalalika m'dziko lonse kukatola ziputu m'minda yokololedwa. Aliyense amene anaumbapo njerwa akudziwa kuti manja amene ali kutchire kukazula ziputu sangakhalenso pa chikombole nthawi yomweyo. Masamu ake anali osatheka, ndipo Farao ankadziwa zimenezo. Cholinga chake chikuoneka pa ndime 9: anthu atope kufikira asowe mphamvu zomvetsera Mose.

Musayese kuti imeneyi ndi nthano chabe. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Louvre, mu mzinda wa Paris, kuli chikopa cholembedwa m'chaka chachisanu cha ufumu wa Ramesses II, zaka zoposa 1,200 Yesu asanabadwe. Pa chikopacho pali oyang'anira 40, aliyense ndi mgwazo wake wa njerwa 2,000, ndipo pambali pake palembedwa njerwa zimene anabweretsadi. Ambiri anaperewera. Palinso kalata ina ya pa gumbwa mmene mkulu wina akudandaula kuti kumene anamutumiza kulibe anthu oumba njerwa, ndiponso kulibe udzu. Zolembedwazi sizitchula Aisraeli, koma zikutionetsa kuti dziko la pa Eksodo 5 linali dziko la kaundula, la mgwazo ndi la lipoti, monga mmene kulili ku ntchito kwanu.

Ndiyambe ndi inu, mabwana ndi mamanijala amene mukumvera, pakuti ndikudziwa kuti ambiri a inu ndinu akulu a mpingo, ndipo ena mumatsogolera nyimbo. Simunakwapulepo munthu ndi chikoti, ndikuvomera. Koma kodi simunachotsepo udzu? Thirakitala yakhala pa miyala mwezi wathunthu, koma mahekitala ofunika kulimidwa sabata ino ndi omwe aja. Anthu asanu achotsedwa ntchito kuti ndalama zipulumuke, koma katundu wofunika kupakira pa tsiku sanachepe. Mankhwala ndi magolovesi kulibe m'wodi, koma wodwala akamwalira, kalata yofunsa mafunso imapita kwa namwino wa usiku uja. Ndipo kapitawo akabwera kudzanena, yankho lanu limafanana ndi la Farao pa ndime 17, pamene anawatcha aulesi kawiri m'mpweya umodzi. Mawu akuti ulesi ndi otsika mtengo kwambiri. Amapulumutsa bwana kuti asadzuke pa mpando kukaona. Taonani kuti m'mutu wonsewu Farao sakuponda pamalo oumbira njerwa ngakhale kamodzi. Zonse akuzidziwira pa manambala, ndipo manambala sanena kuti ziputu zinatoledwa patali bwanji.

Mwina wina akuti mumtima, "Abusa, nanenso ndili ndi Farao wanga pamwamba panga." Zoonadi. Manijala wa esiteti ali ndi akuluakulu a ku likulu, a ku likulu ali ndi eni chuma, eni chuma ali ndi ngongole ku banki. Ofulumiza a Chiigupto aja nawonso ankaopa. Koma mantha anu sakupatsani chilolezo chongotsitsa mtolo wonse pamutu pa munthu amene ali pansi panu, osaukhudza ndi chala chomwe. Mulungu anakuikani pamenepo kuti mbali ina ya kulemerako ithere pa inu.

Tsopano tibwerere kwa akapitawo athu. Njerwa zitaperewera dzulo ndi lero, okwapulidwa anali iwo. Malemba sakunena kuti oumba njerwa ndiwo anamenyedwa. Ndodo inagwa pamsana pa anthu a kaundula. Ndipo chimene anachita pambuyo pake ine ndimachilemekeza. Anadumpha ofulumiza aja, nalowa kwa Farao mwini wake, anthu a zipsera zatsopano pamsana kuima pamaso pa mfumu imene anthu ake ankaiyesa mulungu. Anayala nkhani yawo mwadongosolo: udzu sitikupatsidwa, njerwa zikufunidwabe, tikumenyedwa, ndipo cholakwa chili kwa anthu anu. Mawu otsirizawo ankafunika mtima. Mbewa ya manyazi inafera ku dzenje, ndipo ndaona akapitawo ambiri achikhristu akufera ku dzenje limenelo, namatcha manthawo kudzichepetsa. Bwana akafunsa ngati ntchito itheka, amayankha kuti, "Itheka, bwana," mtima ukudziwa kuti siitheka. Limenelo ndi bodza, ngakhale linenedwe munthu atagwada. Manijala amapita nalo bodzalo ku likulu, nalonjeza zosatheka, ndipo pakutha pa mwezi onse awiri ali m'madzi.

Komabe pali china m'mawu awo chimene chimandimvetsa chisoni. Pa ndime 15 ndi 16 akudzitcha akapolo a Farao katatu. Mulungu anali atangotumiza mawu akuti Aisraeli ndi anthu ake, amasulidwe akamutumikire Iye. Koma zaka za kaundula ndi ndodo zinawaphunzitsa kuti moyo wawo uli m'dzanja la Farao, kotero kuti kulira kwawo anapita nako kwa iye. Atabwezedwa chimanjamanja anakumana ndi Mose ndi Aroni panjira, ndipo ukali wonse umene sanathe kuutulutsa m'nyumba ya mfumu anaukhuthulira pa iwo, nawanena kuti awanunkhitsa pamaso pa Farao ndi kupereka lupanga m'manja mwa adani. Umu ndi mmene ululu wa ku ntchito umayendera. Sukwera phiri, umatsetsereka ngati madzi. Bwana akalipira kapitawo, kapitawo akalipira wantchito. Ndipo ngati waugwira mtima tsiku lonse, madzulo umakatulukira pa mkazi wake chifukwa ndiwo zachepa mchere, kapena pa mwana amene wataya pensulo. Amayi ena amene mukumvera mukudziwa bwino za ku ofesi kwa amuna anu, ngakhale simunapondeko, chifukwa zimafika kunyumba nthawi ya chakudya chamadzulo. Mose yekha ndiye anathyola mzerewo. Atanyozedwa sanafunefune wina womukalipira. Anabwerera kwa Yehova ndi mafunso owawa, ofunsa chifukwa chimene anamutumira, ndipo Mulungu sanamudzudzule pa kufunsako.

Aphunzitsi a Chiyuda ali ndi mwambo wokoma wonena za akapitawo amenewa. Rashi, mphunzitsi amene anakhala ku Troyes m'dziko la France ndi kumwalira m'chaka cha 1105, analemba kuti akapitawowo ankamvera chisoni abale awo, osafuna kuwapanikiza, nalola kuti zikoti zigwe pa iwo eni. Anawonjeza kuti pamene Mulungu anauza Mose pa Numeri 11 kuti asonkhanitse akulu 70 omuthandiza kusenza anthu, osankhidwawo anali omwewa. Amenewa ndi mawu a mwambo, si a Malemba. Koma ndi zoona kuti pa Numeri 11 ndime 16 pali liwu lomwe lija la shoterim. Ine sindingadabwe ngati Mulungu, pofuna atsogoleri a m'chipululu, anayang'ana misana ya zipsera.

Okondedwa omvera, wina angaganize kuti kusamvana kwa kapitawo ndi bwana wake ndi nkhani ya kupsetsana mtima chabe. Nthawi zina ndi nkhani ya maliro. Ku Coalbrook, mgodi wa malasha wa kufupi ndi Sasolburg ku South Africa, denga la mgodi linkagwiridwa ndi nsanamira za malasha omwewo zosiyidwa pokumba. Malasha ankafunika ambiri ku nyumba zopangira magetsi, ndipo nsanamirazo zinatsala zofooka. Pa 28 December 1959 mbali ina ya mgodi inagwa. Pa 21 January 1960, cha m'ma 4 koloko masana, oyang'anira magulu ena anamva mkokomo ndi kuona nsanamira zikugumuka, natulutsa anthu awo. Akuluakulu a mgodi anatsika kukaona, naganiza kuti choopsa chadutsa, ndipo ntchito inapitirira m'zigawo zina. Madzulo a tsiku lomwelo nsanamira mazanamazana zinagonja motsatizana. Anthu 437 anatsala pansi, ambiri a iwo ochokera ku Lesotho ndi ku Mozambique, ndipo panalibe mtembo ndi umodzi womwe umene unatulutsidwa. Sindinabwere kudzaweruza akufa kapena amoyo a tsiku limenelo. Ndikungoti khutu la munthu amene ali pafupi ndi thanthwe limamva zimene pepala la mu ofesi silingamve. Lamulo la za umoyo ndi chitetezo m'migodi limene dziko la South Africa linakhazikitsa m'chaka cha 1996 limapatsa wantchito ufulu wochoka pamalo amene akuoneka oopsa. Lamulo ndi labwino. Koma pansi pa nthaka, ufulu umenewo umakhala ndi moyo pokhapokha ngati kapitawo akudziwa kuti akaimitsa ntchito, bwana wake adzayamba wamvetsera asanafunse za matani amene atayika.

Baibulo silinatisiye ndi Farao yekha. Tsegulani Rute mutu 2. Boazi, mwini munda, akuchokera ku Betelehemu kufika kumunda nthawi yokolola barele. Choyamba akupereka moni kwa okolola m'dzina la Yehova, iwonso namudalitsa. Kenaka akuona mkazi wachilendo akukunkha. Sakuthamangira kwa mkaziyo, sakufunsanso aliyense amene wakumana naye. Akufunsa mnyamata woyang'anira okololawo, pakuti ndiye mwini gulu. Ndipo tamverani lipoti la mnyamatayo. Akunena kuti ndi Mmoabu amene anabwera ndi Naomi, kuti anachita kupempha asanayambe kukunkha, ndi kuti wagwira ntchito kuyambira m'mawa, kupuma pang'ono chabe. Sanabise kuti mkaziyo ndi wa mtundu umene Aisraeli sankaukonda, sanabisenso khama lake. Munthu amapereka lipoti lotere kwa bwana amene samuopa. Pambuyo pake Boazi akulamula anyamata ake kuti asamuvutitse mkaziyo, ndipo nthawi ya chakudya ali pomwepo pamodzi ndi okolola. Pa lipoti loona la kapitawo wopanda dzina ameneyu panayambira ukwati umene unabala Obedi, agogo ake a mfumu Davide.

Inu mabwana, pali zinthu ziwiri zimene zimapha kapitawo asanafe. China ndi kumukalipira pamaso pa anthu ake. Mukatero mwathyola ndodo imene inu nomwe mudzafuna kuyendera mawa, pakuti anthu sadzamumveranso. Muitanireni m'chipinda, mutseke chitseko. Chinacho ndi kukhala ndi akazitape m'gulu lake, anthu obwera kukhomo kwanu usiku ndi nkhuku m'khwapa ndi nkhani pakamwa. Yetero, mpongozi wa Mose, pomulangiza pa Eksodo 18 kuti aike atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10, ananena kuti milandu ing'onoing'ono aziiweruza okha, yaikulu yokha ndiyo izifika kwa Mose. Kumeneko ndiko kupatsa munthu udindo pamodzi ndi mphamvu yake. Ambiri a inu mumapereka mlandu wokha. Kapitawo sangalole munthu kupita ku maliro a mayi ake popanda siginecha yanu, koma munthuyo akathawa ntchito, wofunsidwa ndi kapitawo. Kenturiyo wa ku Kapernao, pa Luka 7, anamvetsa bwino chinthu chimenechi: asilikali ake ankamumvera chifukwa kumbuyo kwa mawu ake kunali ulamuliro umene iyenso ankaugonjera. Kodi kumbuyo kwa mawu a kapitawo wanu kuli inu? Ndipo Paulo, pa Akolose 4, akukumbutsa ambuye onse kuti nawonso ali naye Mbuye Kumwamba. Pamaso pa Iyeyo, manijala wamkulu ndi kapitawo chabe.

Nanga iwe, mbale wanga kapitawo, ukwere bwanji masitepe a ku ofesi? Phunzira kwa Danieli. Pamene anakana chakudya cha mfumu ku Babulo, mkulu wa adindo anamuuza mosabisa kuti akuopa kudulidwa mutu ngati anyamatawo aoneka owonda. Danieli sanamutche wamantha kapena wosapembedza. Anamva mantha a mkuluyo, napita kwa woyang'anira amene anali pafupi nawo ndi pempho laling'ono, lotheka kuliyesa: masiku khumi a zamasamba ndi madzi, kenaka aone okha. Bwana wako nayenso ali ndi mutu umene akuuteteza. Ukamapita kwa iye, pita nthawi imene ali yekha, utanyamula kabuku ka manambala oona, ndiponso njira imene iye angaivomere osachita manyazi pamaso pa akuluakulu ake. Kudandaula kopanda njira kumatopetsa ngakhale bwana wabwino. Ndipo zimene wakana kuzinena mu ofesi usakazinenere kumunda. Kapitawo amene amati "Inde, bwana" m'mawa, masana nauza anthu kuti, "Mukudziwa kale mmene alili mdala uja," akuganiza kuti wagula mbali zonse ziwiri. Mapanga awiri avumbwitsa.

Koma kumvera kuli ndi malire, ndipo pano ndilankhula mosazungulira. Pa 1 Samueli 21 ndi 22 pali munthu wotchedwa Doegi Mwedomu, kapitawo wa abusa a ziweto za Sauli. Anaona wansembe Ahimeleki akupatsa Davide mkate ndi lupanga, nasunga nkhaniyo kufikira tsiku limene mfumu inali kudandaula kuti palibe amene amaiuza kanthu. Pamenepo anaitulutsa. Sauli atalamula asilikali omulondera kuti aphe ansembe, iwo anakana, mfumu ili pomwepo ndi mkondo m'dzanja. Doegi sanakane. Tsiku limenelo anapha ansembe 85. Yoabu nayenso, atalandira kalata ya Davide yonena kuti Uriya aikidwe poopsa pa nkhondo, anamvera osafunsa, ndipo pamodzi ndi Uriya anafanso asilikali ena amene sankadziwa kanthu za Bateseba. Onse awiri akanatha kunena kuti, "Ndinangotumidwa." Lero kalata ya Davide imabwera m'maonekedwe ena. Lemba mayina a anthu amene kulibe kuti malipiro awo tigawane. Potokola sikelo pang'ono. Dula masiku awiri pa tikiti ya aliyense, sadziwa kuwerenga. Saina kuti makina ayesedwa pamene sanayesedwe. Yakobo mutu 5 akuti malipiro obedwa a okolola amafuula, ndipo Mulungu amamva. Akamva, sadzafunsa dzina la kampani lokha. Adzafunsanso dzanja limene linagwira cholembera. Atumwi anauza bwalo la akulu kuti Mulungu ndiye woyenera kumumvera koposa anthu. Ukhoza kutaya ntchito chifukwa cha zimenezi, ndipo ndikanakhala wonama ndikanakuuza kuti sizichitika.

Ndipo pali tchimo lina limene palibe bwana amakutuma. Ndikunena za kapitawo amene amagulitsa malo a ntchito ndi mbuzi, kapena kuuza mayi wamasiye kuti dzina lake lidzalowa m'kaundula wa nyengo ya mvula akayamba wadzera kunyumba kwake. Mbale, ngati ndiwe, usadzitche wopanikizika pakati. Kwa mayi ameneyo Farao ndiwe. Lapa, ubweze zimene unalanda.

Kwa funso la bambo uja, lakuti iye ndi wa yani, ndinamuyankha ndi Akolose 3, pamene Paulo akuuza antchito kuti Mbuye amene akumutumikira ndi Khristu. Munthu amene wadziwa mwini wake weniweni amatha kuuza bwana zoona popanda mwano, ndi kuuza anthu ake lamulo lowawa popanda kubisala kumbuyo kwa bwana. Ndipo Khristu ameneyo amadziwa kuima pakati. Paulo akumutcha Mkhalapakati mmodzi yekha pakati pa Mulungu ndi anthu. Ife ndife amene tinaperewera pa chiwerengero, osati chifukwa Atate anatimana udzu, koma chifukwa cha kusamvera kwathu. Ndipo msana umene unalandira mikwingwirima unali wake, monga Yesaya 53 ananeneratu. Kapitawo wokhulupirira akamalowa mu ofesi miyendo ikunjenjemera, sakulowa kumalo kumene Mbuye wake sanafikeko.

Bambo uja sanatule pansi ukapitawo. Tinagwirizana kuti kwa masabata awiri azilemba m'kabuku masamba a munda uliwonse, tsiku ndi tsiku, ndi anthu amene anathyola. Atatha anapempha kuonana ndi bwana Loweruka masana, akalaliki ataweruka. Anandiuza kuti bwanayo anatsegula kabukuko, nawerenga osanena kanthu, namubwezera ndi mawu akuti chiwerengero chimachokera ku likulu. Sichinatsike chaka chimenecho. Koma Lachiwiri lotsatira galimoto ya bwana inaima m'mphepete mwa munda, iye natsika, nayenda m'mizere ya tiyi kufikira kumtunda kumene nthaka inali itang'aluka, akufunsa mafunso, kapitawo akuyankha. Kuyambira pamenepo, masamba akaperewera, ankamuitanira m'kati ndi kutseka chitseko. Mlamu wake uja anakhala miyezi ingapo osamulankhula.

Tisanakumanenso, werengani Eksodo mutu 6 kuyambira ndime 1 kufikira 13. Tidzaona chimene Yehova anayankha Mose, ndi chifukwa chimene Aisraeli, atamva uthenga wabwino chotero, sanathe kuumvetsera.